Mmene munthu wamkulu angasiyire chizolowezi chogona mochedwa

M'mwezi wa Juni kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo dzuwa limalowa nthawi itangopitirira pang'ono 5 koloko madzulo, ndipo pofika 6 koloko mdima umakhala utagwira kale, makamaka masiku a chiperoni pamene phiri silioneka n'komwe. Kuchokera pamenepo kufikira 5 koloko m'mawa pali maola 11, koma akuluakulu ambiri amene amadandaula za kutopa akawerenga bwino amapeza kuti pa maola onsewo agonapo asanu okha. Sikuti tulo tinawakana ayi. Pogona panalipo, thupi linali lolema, zikope zinkalemera, koma iwo anangopitiriza kukhala maso chifukwa mpira unali usanathe, gulu la pa WhatsApp linali litatentha, kapena magetsi anali atangoyaka kumene.

Vuto limeneli tisalisokoneze ndi kusowa tulo. Wosowa tulo amapita kukagona nthawi yabwino koma amangotembenuka pamphasa mpaka tambala woyamba, pamene wogona mochedwa tulo ali nato, kungoti amazengereza kupita kokagona ngakhale palibe chomuletsa, akudziwanso bwino lomwe kuti mawa adzavutika. M'chaka cha 2014 Floor Kroese ndi anzake a pa yunivesite ya Utrecht ku Netherlands anafufuza khalidweli ndipo analiika m'gulu la kuzengereza, mofanana ndi mmene munthu amazengerezera ntchito ina iliyonse imene akudziwa kuti ndi yofunika. Malangizo otsatirawa ndi a munthu wotereyu. Chizolowezichi sachigonjetsa pakati pa usiku, foni ili kale m'manja ndiponso mutu utatopa, koma amachitchera msampha m'mawa ndi madzulo, nzeru zikadali zonse.

Poyamba werengani, musanasinthe kanthu

Tengani kope lakale la mwana wa sukulu, ndipo kwa masiku 7 muzilembamo zinthu zitatu m'mawa uliwonse: nthawi imene munagona, nthawi imene mwadzuka, ndi chimene munkachita mu ola lomaliza musanagone. Musadzikometsere, popeza kopelo palibe wina amene adzalichonge. Chachitatucho ndicho chofunika koposa, chifukwa ambiri amakhulupirira kuti amachedwa chifukwa cha ntchito, koma kope limaulula kuti mbale zinali zitatsukidwa kale pofika 8 koloko, ndipo maola atatu otsatirawo anathera pa kanema ndi macheza a pafoni.

Kenaka chitani masamu. Mabungwe awiri a akatswiri a za tulo ku America, American Academy of Sleep Medicine ndi Sleep Research Society, anagwirizana m'chaka cha 2015 kuti munthu wa zaka 18 mpaka 60 azigona maola osachepera 7 usiku uliwonse. Yambirani pa nthawi imene ntchito yanu imakudzutsani, n'kuwerenga chobwerera m'mbuyo. Wothyola tiyi amene amadzuka 4:30 kuti aphike, ayende ulendo wa pansi ndi kukafika kumunda kapitawo asanayambe kuitana mayina, ayenera kukhala ali m'tulo pofika 9:30. Mphunzitsi wodzuka 5:30 malire ake ndi 10:30. Mayi wa geni amene amalawirira ku msika wa Bvumbwe kapena wa Limbuli nthawi ya 4 koloko, malire ake ndi 9 koloko. Pa nthawi imene mwapezayo chotsaniponso mphindi 20, chifukwa munthu sangoti akagona pansi pomwepo n'kupezeka ali m'tulo.

Alipo amene adzanene kuti iwo maola asanu amawakwanira ndipo anazolowera. Yankho lake lili masana. Ngati mumasinza m'minibasi pakati pa Luchenza ndi Limbe, ngati ulaliki ukangofika pakati mutu umayamba kuvomera zimene simunamve, ngati tsiku lopuma mumadzuka dzuwa litakwera kwambiri, ndiye kuti thupi silinazolowere kanthu, inu mwangozolowera kukhala wotopa.

Khomani nthawi yodzuka

Apa ndi pamene pagona ntchito yonse, ngakhale ambiri amapadumpha pothamangira kukonza nthawi yogona. Tulo sitibwera chifukwa chotilamula, koma kudzuka mungathe kudzilamula. Sankhani nthawi imodzi yodzuka ndipo muisunge masiku onse 7 a sabata, kuphatikizapo Loweruka ndi Lamulungu. Ngati tsiku lopuma mukufuna kuwonjezerako, musapitirire ola limodzi.

Chifukwa chake n'chakuti thupi la munthu limawerenga nthawi palokha, monga mmene tambala amadziwira nthawi yolira popanda wotchi. Mu ubongo muli kachigawo kakang'ono kamene kamalandira uthenga wa kuwala kuchokera m'maso, ndipo ndiko kamauza thupi lonse kuti kwacha kapena kwada. Kukada, ubongo umatulutsa timadzi totchedwa melatonin timene timakonzekeretsa thupi kugona, koma kuwala kukachuluka timadziti timachedwa kutuluka. Akatswiri atatu a ku America, Jeffrey Hall, Michael Rosbash ndi Michael Young, analandira mphoto ya Nobel m'chaka cha 2017 chifukwa chofotokoza mmene kawerengedwe ka nthawi kameneka kamayendera m'kati mwa maselo, ndipo anazipeza pofufuza tintchentche ta pa zipatso. Kawerengedweka kamakonzedwa tsiku lililonse ndi kuwala: kuwala kwa m'mawa kumafulumizitsa nthawi ya tulo ya usiku wotsatira, pamene kuwala kwa usiku kumaichedwetsa.

Palinso chinthu chachiwiri. Munthu akakhala maso, mu ubongo mumaunjikana mankhwala achilengedwe otchedwa adenosine, ndipo mulu wake ukakula ndi pamene timamva kuti tulo tatigwira. Pogona muluwo umaphwasuka. Tsono munthu amene Loweruka wagona 1 koloko usiku n'kudzuka 10 koloko Lamulungu, pofika 9:30 madzulo amakhala atakhala maso maola osakwana 12, mulu uja ukadali waung'ono, motero amangopenya denga, kenaka n'kutenga foni. Lolemba amadzuka ali wofooka, ndipo sabata yonse imayambira pa ngongole.

Mukangodzuka tulukani panja kwa mphindi 15 kapena kupitirira. Kusesa pabwalo, kutunga madzi, kutsegulira nkhuku kapena kuyenda kupita kuntchito n'kokwanira. Ngakhale tsiku la chiperoni, pamene nkhungu yakuta minda ya tiyi ndipo dzuwa silikuoneka, kuwala kwa panja kumaposa kutalitali kwa babu la m'nyumba. Amene amagwira ntchito m'munda gawo ili amalichita kale osadziwa. Amene liyenera kuwakhudza kwambiri ndi a mu ofesi, a m'golosale ndi osoka zovala, amene amachoka m'nyumba ya mdima n'kulowa m'chipinda china cha mdima.

Bwezani nthawi yogona pang'onopang'ono

Munthu amene wakhala akugona 12 koloko kwa zaka zambiri asayese kugona 9:30 lero lomwe. Maola awiri kapena atatu nthawi yake yozolowereka isanakwane, thupi limakhala lili tcheru, ndipo akadzikakamiza amangogona pansi maso ali gwa, n'kutsimikiza kuti malangizo onsewa ndi abodza. Bwezani ndi mphindi 15 zokha pa masiku awiri alionse. Kuchoka pa 12 koloko kufika pa 9:30 ndi mphindi 150, kutanthauza masitepe 10, kapena kuti masiku 20. Pitirizani kulemba m'kope muja, ndipo ngati sitepe ina yavuta, khalani pomwepo masiku ena awiri musanasunthenso.

Dziwani chimene usiku umakupatsani

Bwererani ku kope lija ndipo muone chimene chimabwerezabwereza mu ola lomaliza. Palibe munthu wamkulu amene amadzimana tulo popanda chimene akupindula, ndipo mukangochilanda chinthucho osachipezera malo ena, chizolowezi chimabwerera sabata isanathe.

Kwa anthu ambiri, makamaka amayi, usiku ndi nthawi yokhayo imene ili yawo. Masana ndi a kapitawo, a makasitomala kapena a ana a sukulu, madzulo ndi a nsima, ndiwo, kusambitsa ana ndi kutsuka mbale, ndipo nyumba ikati zii nthawi ya 9 koloko ndi pamene munthu amakumbukira kuti naye ndi munthu. Kumuuza wotereyu kuti azingogona msanga ndi kumulanda kanthawi kokhako kamene ali nako, ndipo sindikuona kuti ndi chilungamo. Chofunika ndi kusuntha kanthawiko kuti kabwere msanga, osati kukafafaniza. Ntchito zimene zingathe kuchitika dzuwa lisanalowe, monga kutunga madzi a m'mawa, kusanja yunifomu ndi kusadzula ndiwo, zichitike nthawi imeneyo. Mgonero uzidyedwa pofika 7 koloko. Ana okulirapo apatsidwe mbale, ndipo bambo amene amafika kunyumba n'kukhala pampando kudikira madzi osamba adziwe kuti ola limene akazi awo amalipeza mochedwa ndi iwo amene alidya. Zikatero, mayi angathe kukhala ndi ola lake kuyambira 8 koloko, n'kulimaliza nthawi yogona isanakwane.

Kwa abambo ambiri nkhani ndi mpira. Mpira wa ligi yathu ulibe mlandu kwenikweni popeza umaseweredwa masana, koma wa ku Ulaya ndiwo umadya tulo. Kuyambira kumapeto kwa Okutobala mpaka kumapeto kwa Malichi, masewero ambiri a Champions League amayamba 10 koloko usiku nthawi ya kuno ndipo amatha cha m'ma 12 koloko, ndiye muonjezepo ulendo wochoka koonetsera mpira ku Chitakale kapena ku Luchenza, kutsutsana za penate panjira, ndi mtima umene ukugundabe mutafika kunyumba. Ndi miyezi yomweyinso imene tiyi amaphuka kwambiri ndi mvula ndipo ntchito ya kumunda imakhala pachimake. Sindikunena kuti musiye timu yanu. Sankhani Lolemba masewero amodzi okha a usiku amene mudzaonere sabata imeneyo, ndipo enawo mudzamve zotsatira pa wailesi m'mawa. Anzanu auzeni masana, musanafike pakhomo la koonetsera mpira: "Achimwene, Lachiwiri musandidikire, ine ndidzabwera Lachitatu lokha." Mawu onenedwa masana amamanga kuposa malonjezo a mumtima. Amene amabetcha amakhala maso podikira masewero omaliza a patikiti yawo, koma chigoli sichisintha chifukwa chakuti inu mukuchiyang'anira. Ngati simungathe kugona musanaone zotsatira, kapena mwayamba kubwereka ndalama zobetchera, vuto lanu lalikulu si tulo, ndipo likufunika kulikamba ndi munthu amene mumamukhulupirira.

Ena amadikira bandulo ya usiku chifukwa ndi yotchipa. Kutchipako n'koona, koma werengerani zonse. Wothyola tiyi amadziwa kuti sikelo siinama, ndipo manja a munthu amene wagona maola anayi sadzaza dengu ngati a mnzake amene wagona mokwanira. Ngati pali zinthu zofunika kuzikopera pafoni, ziyambitseni n'kuisiya foniyo igwire yokha ntchito, mudzaonere mawa madzulo.

Magetsi nawo ali ndi mbali yake. Akazima madzulo n'kuyaka pakati pa usiku, m'nyumba zambiri anthu amadzuka ngati kwacha, wina kusita, wina kutchaja, wina kuyatsa kanema. Musanagone lumikizani foni ndi tochi ku tchaja kuti magetsi akabwera zidzaze zokha, koma zimitsani masiwichi a mababu, a kanema, makamaka a chitsulo chositira ndi chophikira, kuopa kudzutsidwa ndi kuwala kapena moto. Zovala zingathe kudikira tsiku lopuma kapena simbi ya makala.

Gulu lomaliza ndi la amene amaopa kugona chifukwa akangozimitsa nyali maganizo amayamba: fizi, feteleza, ngongole ya ku banki mkhonde, wodwala amene ali kuchipatala. Foni kwa iwo ndi chotsekera maganizowo. Pezani mphindi 10 musanadye mgonero, lembani kumapeto kwa kope lija nkhawa iliyonse pamodzi ndi chinthu chimodzi chimene mudzachite mawa pa nkhawayo, ngakhale chitakhala chaching'ono ngati kukafunsa tsiku lomaliza kulipira. Ngongoleyo siitha, koma mutu umaleka kukukumbutsani usiku chinthu chimene chalembedwa kale.

Tiyi, mowa ndi mgonero

N'zovuta kuuza munthu wa ku Thyolo kapena ku Mulanje kuti asamale ndi tiyi, poti ndiye amene amaphunzitsa ana athu ndipo m'nyumba zambiri mlendo salandiridwa popanda kapu. Komabe masamba a tiyi ali ndi kafeini, amene amatsekereza adenosine uja kuti ubongo usamve kutopa ngakhale kutopako kulipo. Kapu imodzi ya tiyi wamba imakhala ndi mamiligalamu pafupifupi 40 mpaka 50 a kafeini, ndipo tiyi wowiritsa nthawi yaitali m'poto amakhala ndi ochulukirapo. Thupi limatenga maola pafupifupi asanu kuti lichotse theka la kafeini amene mwamwa, ngakhale anthu amasiyana, ndipo kwa mayi woyembekezera nthawiyi imatalika kwambiri. Choncho kapu ya 6 koloko madzulo theka lake limakhala likadali m'magazi 11 koloko usiku.

Imwani tiyi wanu m'mawa ndi masana, koma ikapitirira 2 koloko musiyeni. Madzulo ozizira a chiperoni, pamene thupi likufuna chofunda, wiritsani udzu wa mandimu, chidede kapena mkaka, zimene zilibe kafeini. Khofi, zakumwa za kola ndi zakumwa zopatsa mphamvu zimene anyamata a kabaza amakonda zilinso ndi kafeini, chimodzimodzi mapiritsi ena a mutu ogula m'golosale, choncho muziwerenga papaketi.

Mowa umanyenga. Kachasu kapena masese zimagonetsadi msanga, koma mowa ukamatha m'magazi pakati pa usiku tulo timadukaduka, munthu amadzuka kukataya madzi, mkonono umakula, ndipo m'mawa amadzuka ngati sanagone. Nsima yambiri yodyedwa nthawi yogona itakwana imabweretsa kutentha pamtima. Siyani maola awiri pakati pa mgonero ndi pogona, ndipo madzi ambiri muzimwa masana.

Foni igone kwake

Akuluakulu anati chizolowezi cha nankholowa chidazulitsa mbatata ya pansi, ndipo foni imayenda momwemo: munthu amangofuna kuyankha uthenga umodzi, n'kupezeka wafika pa kanema wa makumi awiri. Facebook ndi TikTok zinapangidwa kuti zisakhale ndi mapeto, mosiyana ndi pulogalamu ya pa wailesi imene imatha yokha woulutsa akatsanzika. Kuwala kwa foni kumachedwetsako melatonin, koma choopsa kwambiri ndi zimene zili m'katimo, chifukwa mkangano wa ndale pagulu kapena uthenga wokwiyitsa zimadzutsa mutu kuposa kuwala.

Tcherani alamu iwiri, ina yodzukira ndi ina yolira mphindi 45 nthawi yogona isanakwane. Yachiwiriyo ikalira, kasiyeni foni pamalo amene simungaifikire muli chigonere, monga patebulo la pabalaza kapena pawindo la kutali. Ngati ndi yomweyo imene imakudzutsani, kutalikako kumathandizanso, popeza mudzayenera kuimirira kuti muizimitse. Musaizimitse yonse ngati muli ndi makolo okalamba kapena wodwala, koma tsekani intaneti yokha, kuti wofuna kukuuzani za mwadzidzidzi athe kuimba. Pemphani wa m'nyumba akuthandizeni, ndipo pempholo lichokere kwa inu kuti lisadzasanduke mkangano: "Mayi a ana, alamu ija ikalira ine ndikadali nayo m'manja, mundikumbutse." Achibale amene ali ku Johannesburg ali pa nthawi yofanana ndi yathu, motero palibe chifukwa choti macheza nawo azidikira pakati pa usiku, auzeni nthawi imene mumapezeka.

Mphindi 45 zotsalazo muzichita zinthu zomwezomwezo usiku uliwonse, mwa ndondomeko imodzi: kukhoma zitseko, kusamba, kuchepetsa nyali, kupemphera kapena kuwerenga pang'ono, kutsitsa neti. Pakapita masabata angapo thupi limayamba kuyasamula ndondomekoyo ikangoyamba.

Pogona

Neti ikhale yotsitsidwa ndi yopisidwa bwino, popeza udzudzu umodzi wolira kukhutu umatha kubweza munthu ku foni, ndipo udzudzu wofalitsa malungo umaluma kwambiri usiku, nthawi yomwe ochezera amakhala ali pakhonde. M'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala, pamene malata amasunga kutentha mpaka usiku, sambani musanagone ndipo tsegulani mawindo madzulo kuti mpweya uyende. M'nyengo yozizira onjezerani bulangete, koma musalowetse mbaula ya makala m'chipinda chotseka. Makala amatulutsa mpweya wa carbon monoxide umene ulibe fungo kapena mtundu, ndipo umapha anthu ali m'tulo.

Tulo tikakana

Masiku ena mudzachita zonse bwino koma tulo osabwera. Mukaona kuti papita mphindi pafupifupi 20, osachita kuyang'ana wotchi, dzukani, kakhaleni pampando ndi nyali yochepa, ndipo mubwerere pogona pokhapokha zikope zikayamba kulemera. Njira imeneyi anaiyambitsa katswiri wa za maganizo Richard Bootzin m'chaka cha 1972, ndipo cholinga chake n'chakuti ubongo usazolowere kuona pogona ngati malo olimbana ndi maganizo. M'nyumba ya chipinda chimodzi n'kokwanira kuchoka pamphasa n'kukhala tsonga pakona. Foni musaikhudze. M'mawa mwake dzukani nthawi yanu yomwe ija ngakhale mwagona pang'ono, chifukwa kutopa kwa tsiku limenelo ndiko kudzakugonetseni msanga madzulo. Ngati masana simungathe kupirira, gonani mphindi zosapitirira 30, ndipo zikhale 3 koloko isanakwane.

Maliro, mapemphero a usiku ndi ntchito ya usiku

Kwathu kuno kuchezera kwina sikuthawika. Munthu sangakane kukagona pamaliro a mnansi chifukwa cha ndondomeko ya tulo, ndipo chinkhoswe, mapemphero a usiku wonse kapena gule wa tchopa pa nthawi ya mwambo zili ndi malo ake. Usiku umodzi suwononga ntchito ya masabata atatu. Chimene chimawononga ndi kugona tsiku lonse lotsatira, kenaka kulephera kugona usiku wake, n'kupezeka mwabwerera pakale. Mukachezera, gonani ola limodzi ndi theka m'mawa kapena masana oyambirira, dzukani, khalani panja, ndipo madzulo mugone nthawi yanu kapena kufulumirako pang'ono. Pa maliro a masiku awiri kapena atatu gawanani, ena agoneko pamene ena akuimba.

Tsiku lotsatira kuchezera musakwere njinga yamoto kukanyamula anthu, musayendetse galimoto, ndipo musayandikire makina a kufakitale kapena lamba wa chigayo. M'chaka cha 1997 Drew Dawson ndi Kathryn Reid a ku Australia anaonetsa kuti munthu amene wakhala maso maola 17 manja ndi maso ake zimachedwa mofanana ndi za munthu amene ali ndi mowa wa 0.05 peresenti m'magazi. Wa kabaza amene anadzuka 5 koloko m'mawa amafika pamenepo 10 koloko usiku ngakhale sanalawe dontho, ndipo m'makona a msewu wa ku Thyolo, nkhungu itatsika, kuphethira kumodzi kotalika n'kokwanira.

Alonda, anamwino ndi ogwira ntchito ya usiku m'mafakitale a tiyi sali m'gulu la ozengereza, ndipo malangizo a kuwala kwa m'mawa kwa iwo amatembenuka. Akaweruka apite kukagona msanga asanawombedwe kwambiri ndi dzuwa, atchinge mawindo ndi nsalu yakuda, asamwe tiyi m'maola omaliza a ntchito, ndipo a m'nyumba awasungire maolawo monga mmene amasungira usiku wa wina aliyense.

Nthawi yopita kuchipatala

Ngati mwatsata zonsezi kwa mwezi wathunthu koma palibe kusintha, kapena mukulephera kugona masiku atatu pa sabata kwa miyezi itatu ngakhale mumapita pogona nthawi yabwino, vutolo lapitirira chizolowezi. Pitaninso msanga ngati a m'nyumba akunena kuti mumaliza mkonono waukulu n'kumaleka kupuma kwa kanthawi kenaka n'kudzidzimuka, chifukwa vuto limeneli limayendera limodzi ndi kuthamanga kwa magazi. Kudzuka kangapo usiku kukataya madzi pamodzi ndi ludzu losatha kungakhale chizindikiro cha matenda a shuga. Kudzuka mbandakucha tsiku ndi tsiku mtima uli wolemera, osafuna chakudya kapena kucheza ndi anthu, ndi chizindikiro cha matenda a maganizo amene ali ndi chithandizo, ndipo amene wayamba kuganiza zodzipha apite tsiku lomwelo, asadikire mwezi.

Mankhwala ena amasokoneza tulo, kuphatikizapo ena mwa ma ARV. Musawasiye kapena kusintha nthawi yomwera panokha, koma kafotokozeni kumene mumalandirira, popeza nthawi zina kungosintha nthawi yomwera mwa uphungu wa achipatala kumathetsa vutolo. Musazolowere kumwa Piriton kapena diazepam kuti mugone: woyambayo amasiya munthu ali wozunguzika m'mawa, wachiwiriyo thupi limamuzolowera mpaka kulephera kugona popanda iye, ndipo kuphatikiza aliyense wa iwo ndi mowa n'koopsa. Yambirani ku chipatala chaching'ono cha kwanuko, ndipo ngati pakufunika kuyezedwa kwambiri adzakutumizani ku chipatala cha boma ku Mulanje kapena ku Thyolo, komanso zilipo zipatala za mishoni za Mulanje Mission ndi Malamulo ku Makwasa. Popita tengani buku lanu la kuchipatala, mapaketi a mankhwala onse amene mukumwa, kope lija la nthawi zogona ndi zodzuka, ndipo ngati nkhani ndi ya mkonono, mupite ndi amene mumagona nawo chipinda chimodzi kuti akafotokoze zimene amamva.